Botolo Lotchipa Linamulanda Nyenyezi

Chipangali ili ndi chuma china chimene sichilembedwa m'mabuku a boma, ndicho mdima wake wa usiku. Boma la Chipangali linadulidwa ku Chipata mu 2018, ndipo ambiri amalidziwa chifukwa cha fodya, mtedza ndi chimanga. Koma mukatuluka m'tauni ya Chipata n'kutsata msewu wa ku Lundazi mpaka magetsi a m'tauni atatsalira kumbuyo, usiku wa mu Juni kapena Julayi mudzaona thambo limene anthu a ku London kapena Johannesburg amalipira ndalama zambiri kuti akalione. Mitambo imakhala itatha, utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke, ndipo Mlalang'amba umadutsa pamwamba penipeni pa mutu.

M'dera limeneli muli mnyamata wina amene ankalidziwa thambo limeneli kuposa tonsefe. Dzina lake sinditchula, chifukwa ali moyo ndipo ali ndi banja. Ntchito yake inali yokonza mafoni ndi malaputopu pa kashopu kena m'mbali mwa msewu, kokhala ndi sola padenga ndi batire pansi pa tebulo. Aphunzitsi ankamubweretsera makompyuta ofa, alimi ankamubweretsera mafoni ogwera m'madzi, ndipo zambiri zinkabwerera kwa eni ake zili zamoyo. Anali munthu wosamala kwambiri pa ntchito. Tchaja yachinyengo ankaizindikira pongoinyamula m'manja. Fulashi ya munthu wina sankailowetsa m'kompyuta yake asanaipime, ngakhale mwini wake akhale mfumu kapena m'busa. Ankati, "Pepani bambo, sindikudziwa kumene yadutsa."

Usiku ankanyamula laputopu ndi mabainokula akale n'kukwera pachulu kuseri kwa nyumba. M'kompyutamo anali ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Stellarium, imene imaonetsa thambo la pamalo pamene munthu waima, nyenyezi iliyonse ndi dzina lake. Ankachepetsa kuwala kwa sikirini n'kuisandutsa yofiira, chifukwa diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala koyera kumafafaniza zonsezo m'kamphindi. Ana a m'mudzi ankamuzungulira. Ankawaonetsa miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter, yomwe Galileo anaiona mu 1610, ili ngati timadontho m'mbali mwa pulanetilo. Ankawalozera Alpha Centauri n'kuwauza kuti kuwala kumene kukulowa m'maso mwawo kunanyamuka kumeneko zaka zoposa zinayi zapitazo, ena mwa iwo asanayambe sukulu.

Chimene chinkandisangalatsa kwambiri n'chakuti sankanyoza nzeru za makolo. Ankakhala pansi ndi agogo ake n'kumawafunsa mayina akale: Nthanda, Nsangwe zimene zimaoneka madzulo mvula ikayandikira, Akamwiniatsatana. Agogowo anamufotokozera za akazi awiri a mwezi, Chekechani wa kum'mawa amene amaumana chakudya mpaka kuwonda, ndi Puikani wa kumadzulo amene amaudyetsa mpaka kunenepa. Iye atawauza kuti akazi awiriwo ndi chinthu chimodzi, pulaneti la Venus limene nthawi zina limaoneka m'bandakucha ndipo nthawi zina madzulo, agogo anakana kwamtuwagalu. "Iwe mdzukulu wanga, makina akowo sanakwatirepo mitala." Mkanganowo unkabwerezedwa chaka ndi chaka ndipo onse awiri ankaukonda. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, iye ankadandaula za bizinesi masana, koma usiku ankati ngakhale kum'mwera, kumene kuwala kwa Chipata kumabisa nyenyezi za m'munsi, tsopano kwayera.

Chinthu chachitatu chimene ankachikonda chinali wisiki. Apa ndimveke bwino: mnyamatayu sanali chidakwa. Sankapezeka m'mashabini, ndipo palibe amene anamuonapo akudzandira. Anaphunzira za single malt m'mavidiyo a pa intaneti, ndipo chinamukoka ndi luso lake, monga momwe mkati mwa kompyuta munamukokera. Ankadziwa kuti single malt ya ku Scotland imapangidwa ndi chimera cha barele yekha, pa fakitale imodzi, imatchezedwa m'miphika ya mkuwa, ndipo malamulo a kumeneko a 2009 amafuna kuti ikhale m'migolo ya mtengo wa oki zaka zosachepera zitatu ndipo mphamvu yake isatsike pansi pa 40 peresenti. Ankatchula mayina ngati Glenfiddich ya ku Dufftown mosaphonya. Botolo lake loyamba analigula m'sitolo yaikulu ku Lusaka pa mtengo wofanana ndi thumba la fetereza, mwinanso kuposa, ndipo linamukhalira miyezi yambiri chifukwa ankathira kakang'ono pansi pa tambula, n'kumanunkhiza nthawi yaitali asanamwe.

Tsoka linabwera nyengo ya msika wa fodya, pamene ndalama zimayenda m'midzi ndipo amalonda a mtundu uliwonse amatulukira. Pa gulu lina la WhatsApp panabwera chithunzi cha mabotolo a single malt pa mtengo wosafika ndi theka lomwe. Wogulitsayo anati ndi katundu wodutsa pamalire mosalipira msonkho, n'chifukwa chake watchipa. Mawu amenewa amapha anthu ambiri kwathu kuno, chifukwa tili pafupi ndi malire a ku Mwami ndipo tonse tinagulapo shuga kapena chitenje chodutsa njira zachidule, choncho nkhani yotere imamveka yoona. Mnyamatayu anatumiza ndalama pafoni, ndipo botolo linabwera ndi wanjinga yamoto, lili m'katoni yake yokongola.

Iye mwini amanena kuti panali zizindikiro. Chitsekerero chinatseguka mosavuta, osamveka kuthyoka. Fungo linali lakuthwa, losafanana ndi lija la ku Lusaka. Koma anadziuza kuti mwina mphuno yake ndi yosazolowera, ndipo pepala la pabotolo linali lenileni ndithu. Inde linali lenileni, chifukwa akathyali amenewa amatolera mabotolo opanda kanthu m'mabala ndi m'malo ogona alendo, n'kuthiramo zawozawo, n'kuikamo mtundu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene sankalola fulashi yachilendo kulowa m'kompyuta yake anamwa zamadzi zimene sankadziwa kumene zadutsa.

Usiku umenewo kunkazizira. Anali pachulu paja ndi mnzake wina, mphunzitsi, amene anangolawa n'kukana, akuti zikuwawa. Poti botolo linali lotchipa, panalibe chifukwa choumira, ndipo mnyamatayu anathira kangapo.

Kutacha anadzuka bwinobwino n'kupita kuntchito. Apa ndi pamene pagona chinyengo cha poizoni ameneyu. Madzulo mutu unayamba kuwawa, kenako kusanza ndi kupotokola m'mimba. Mkazi wake anati, "Bambo ake a mwana, tiyeni kuchipatala, nkhope yanu sindikuimvetsa." Iye anayankha kuti ndi babalaza chabe, amwa madzi ambiri n'kugona. Asanagone anatsegula laputopu, n'kuona zilembo zikusungunuka. Anaonjezera kuwala, anapukuta sikirini, mpaka anaganiza kuti makinawo ayamba kuwonongeka. M'mawa mwake ankangoona nkhungu yoyera paliponse, akupuma mothamanga. Amalume ake ndi amene anamukweza panjinga yamoto kupita kukiliniki, ndipo a kumeneko anamutumiza msanga ku Chipata. Madokotala anafunsa mafunso atatu: wamwa chiyani, liti, ndipo botolo lili kuti? Moyo wake anaupulumutsa. Maso anali atapita kale.

Chimene chinali m'botolomo ndi methanol. Ndi mtundu wa spiriti wa m'mafakitale, wosungunulira penti ndi kupangira mankhwala ena, ndipo ndi wotchipa kuposa ethanol, amene ndiye mowa womwedwa. Pooneka, ponunkhira ndi polawa, awiriwa n'ngovuta kuwasiyanitsa, makamaka akasakanizidwa. Methanol akalowa m'thupi, chiwindi chimamusandutsa formaldehyde, kenako asidi wotchedwa formic acid. Asidi ameneyu amachulukana m'magazi n'kuwononga mtsempha umene umatenga zithunzi kuchoka m'diso kupita ku ubongo. Mamililita 10 okha a methanol weniweni, omwe ndi masupuni a tiyi awiri, akhoza kuchititsa khungu, ndipo 30 akhoza kupha. Popeza chiwindi chimatenga nthawi kuti chigwire ntchito imeneyi, zizindikiro zimachedwa maola 12 mpaka 24, ndipo zimachedwa koposa ngati munthu wamwanso mowa wamba. Maola amenewo, amene munthu amagona kunyumba akuti ndi babalaza, ndi omwewo amene madokotala akanatha kupulumutsa maso. Mankhwala alipo: fomepizole, kapena ethanol woperekedwa mwa muyeso m'chipatala, amaletsa chiwindi kupanga asidi uja, ndipo makina osefa magazi amachotsa poizoni amene walowa kale. Koma mtsempha wa diso ukafa, kawirikawiri sudzukanso.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife ophunzira timaganiza kuti ngozi imeneyi ndi ya anthu ena. Boma litaletsa mowa wa m'timapaketi wotchedwa tujilijili mu 2012, pa nthawi ya nduna Nkandu Luo, tinaomba m'manja n'kumati zimenezo ndi za makondakitala ndi anyamata a pamsika. Titamva mu Epulo 2024 kuti anthu angapo afa ku Blantyre atamwa mowa wotchedwa Ambuye n'tengeni, tinagwedeza mitu n'kumati umphawi ndi woipa. Timakhulupirira kuti botolo lagalasi lokhala ndi dzina la Chizungu ndi chitetezo. Koma ku Czech Republic mu 2012 anthu makumimakumi anafa ndi mowa wa m'mabotolo okhala ndi mapepala a makampani odziwika, mpaka boma la kumeneko linaletsa kwa kanthawi kugulitsa mowa uliwonse woposa 20 peresenti. Ku Vang Vieng, m'dziko la Laos, alendo asanu ndi mmodzi ochokera kumayiko olemera anafa mu Novembala 2024 ndi poizoni yemweyu. Wachinyengo amasankha dala dzina lodula, chifukwa phindu lake lili pamenepo, ndipo amadziwa kuti wogula wake ndi munthu wofuna zapamwamba amene thumba lake silikufika.

Sindikudzudzula mnyamatayu chifukwa chokonda zinthu zabwino. Mwana wa m'mudzi ali ndi ufulu wodziwa mayina a nyenyezi ndi kukoma kwa zinthu za kutali. Ndikudzudzula amene anathira poizoni m'botolo, akudziwa, n'kuzimitsa foni yake tsiku lotsatira. Nambala ija sinayankhenso, ndipo wanjinga yamoto anati anangopatsidwa phukusi pa siteshoni ya basi.

Lero mnyamatayu amasiyanitsa usana ndi usiku, ndipo amaona zithunzithunzi za anthu akamadutsa pakhomo. Foni yake imamuwerengera mauthenga ndi mawu. Kashopu kaja akuyendetsa ndi mphwake, iye atakhala pambali n'kumamuuza pogwira, chifukwa mkati mwa makina onse aja muli m'mutu mwake. Ntchito yowotcherera tinthu tating'onoting'ono, imene inkabweretsa ndalama zenizeni, inatha. Mabainokula anawapereka kusukulu ya pulaimale ya pafupi. Anandipempha yekha kuti nkhaniyi ilembedwe, ndipo anati ndisabise za chitsekerero chija, chifukwa anachiona ndi maso ake ali bwinobwino n'kuchinyalanyaza.

Kusamwa n'komwe ndiye njira yopanda ngozi, ndipo amene asankha zimenezo asachite manyazi. Koma ngati mumamwa, gulani m'sitolo yokhala ndi chilolezo, imene mungabwerereko mawa ndi lisiti m'manja. Mowa wa pa WhatsApp kapena pa Facebook, wobwera ndi munthu wosadziwika, usalowe m'nyumba mwanu. Mtengo ukatsika mosamveka, chitsekerero chikakhala chomasuka, fungo likakhala lachilendo, tayani ndalamazo, musamwe. Kuyatsa mowa ndi machesi kuti muone mtundu wa lawi si muyeso wodalirika. Eni mabala ndi malo ogona alendo, botolo likatha ng'ambani pepala lake ndi kuwononga chitsekerero musanalitaye, ndipo mukakayikira katundu wina dziwitsani apolisi kapena a Zambia Compulsory Standards Agency.

Ndipo inu amayi, amalume, achimwene: wachibale akamwa mowa wa m'botolo, tsiku lotsatira n'kuyamba kusanza, kupuma mothamanga kapena kunena kuti akuona nkhungu, musamulole kugona, ndipo musamumvere akati ndi babalaza. Mutengereni kukiliniki yapafupi kapena ku Chipata Central Hospital nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Nyamulani botololo, ndipo muitanenso onse amene anamwa naye.