Mayi asanamasule mfundo ya chitenje

Ana anga amene mwangoyamba ntchito pawindo la mankhwala, kuwerenga mapiritsi mukudziwa kale. Mundimvere pa nkhani ya ndalama ya wodwala, chifukwa ine ndinalakwapo.

Chaka china, nyengo yosankha fodya, kunabwera mayi wa kuno kwa Kaomba, wazaka za m'ma 50, zala zili bii ndi phula la fodya. Anali atayezetsa malungo katatu osapezeka nawo, koma usiku thukuta lili kamukamu, tulo osabwera. Kunali kusiya kusamba. Adokotala anawalembera mankhwala a mahomoni ndi a BP patsamba limodzi. Ine, poona kutalika kwa mzere, ndinangoti, "Amayi, awa kulibe, mukagule." Anakagula onse, ndi a BP omwe, amene anali pashelefu kumbuyo kwangaku, aulere. Ndalamayo inali ya katapila, yodzabweza mabelo akagulidwa ku Chinkhoma. Atabweranso mwezi wotsatira anandionetsa risiti, osadandaula n'komwe, ndipo manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Tsono dziwani bwino chaulere ndi cholipira, ndipo muzinena musanafunsidwe. M'chipatala cha boma mankhwala salipiritsa. Zipatala za mishoni za CHAM, monga Nkhamenya ndi St Andrew's ku Mtunthama, zimalipiritsa, ngakhale kuti kuyambira 2006 boma limachita mapangano ndi zambiri mwa zipatala zotere kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere. Mayi wosiya kusamba akamva kuti "amayi salipira" amayesa naye ali momwemo. Muuzeni zoona asanawononge ya minibasi.

Ngakhale ku England nkhaniyi imavuta. Kumeneko amene amalipira amapereka £9.90 pa mtundu uliwonse wa mankhwala olembedwa ndi dokotala, koma kuyambira mu Epulo 2023 mayi angathe kugula chiphaso cha chaka chonse cha mankhwala a mahomoni, chimene mtengo wake ndi £19.80. Chiphasocho sichikhudza mankhwala ena, n'chifukwa chake madokotala amalangizidwa kulemba a mahomoni papepala lawolawo. Ifenso tizisiyanitsa. Tengani cholembera, chongani m'buku la mayiyo: awa ndakupatsani, awa okha ndiwo mukagule, kufamase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA osati pamsika.

Ndipo tsitsani mawu. Mayi wamkulu sanganene za kumwezi kwa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wake anthu ali tcheru pamzere. Muitanireni pambali. Pomwepo mufunseni ngati anachotsedwa chiberekero, pakuti estrogen payekha kwa amene chiberekero chilipo amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'kati mwake, ndiye pamafunikanso progestogen. Ndalama ikachepa, mayi amagula mtundu umodzi n'kusiya winawo. Mukaona choncho musamulole kupita. Dzukani pampandopo, mupite naye kwa adokotala.