MATUMBA 24 A CIMANGA
Phunziro la Kuculukitsa ndi Kugawa

M'mudzi wina wa kufupi ndi Katete, m'Cigawo ca Kum'mawa, munali mkulu wina amene anali kukhala ndi mkazi wace pamodzi ndi adzukulu atatu. Wamkulu wa adzukuluwo anali mtsikana wa m'Giredi 6. Caka cina mvula inagwa bwino, ndipo atatha kukolola ndi kutonola cimanga cao anadzaza matumba 37, thumba liri lonse la makilogalamu 50.

Agogo aakazi ndiwo anayamba kuwerenga. Iwo anadziwa kuti pa banja pao thumba limodzi limatha pa masabata 4, ndipo kuti caka ciri ndi masabata 52. Sanalembe kanthu ai. Anangoika timiyala pansi m'magulu a zinai-zinai, napeza kuti magulu anakwana 13. Pamenepo anati, "Matumba 13 alowe m'nyumba. Amenewo asawakhudze munthu, angakhale wogula abwere ndi ndalama zodzaza dengu." Motero anatsala matumba 24 ogulitsa.

Patapita masiku, anafika wogula ndi galimoto wace ndi sikelo. Anapangana kuti thumba limodzi likhale K245. Matumba atayesedwa, wogulayo anang'amba cidutswa ca katoni, nalembapo masamu mofulumira, nati, "Atate, zanu zonse ndi K4,880." Agogo aamuna anaona kuti ndalamazo ndi zambiri ndithu, natambasula manja kuti alandire.

Koma mtsikana uja anali ataima pa khomo la nkhokwe, ndipo mtima wace sunakhazikike. Iye anaganiza motere: "Thumba likadakhala K250, matumba 4 akadakwana K1,000. M'matumba 24 muli magulu 6 a matumba anai-anai, ndiye kuti K6,000. Mtengo wacepa ndi K5 yokha pa thumba. Nanga ndalama zatsika bwanji kufika pansi pa K5,000?" Anasendera, nagwada pafupi ndi agogo ace, nati ndi mau apansi, "Agogo, ndipempha kuti ndione katoniyo musanalandire."

Wogula anaseka, namupatsa. Pa katonipo panali mizere iwiri yolembedwa bwino-bwino. Woyamba unali 245 × 4 = 980, ndipo waciwiri unali 245 × 20 = 4,900. Yonse iwiri inali yokhoza. Colakwa cinali pa kuonkhetsa: pa mzere wa mazana, 9 ndi 9 zipanga 18, ndipo munthu ayenera kulemba 8 ndi kusunga 1 wa ku zikwi. Wogulayo analemba 8, koma 1 uja anamuiwala. Yankho loona linali K5,880. Kambewu kamodziko kanali K1,000 yathunthu.

Ngati munthuyo anaiwaladi kapena anacita dala, katoni siinena. Masamu aonetsa pamene pali colakwa, koma za mumtima mwa wolakwayo sazidziwa. Iye anapepesa, naonjeza ndalamazo, napakira matumba ace.

Kuculukitsa ndiko kuonkhetsa kwacidule. Munthu wopanda cangu angathe kulemba 245 kokwana 24 motsika pansi ndi kuonkhetsa zonse, ndipo adzafika ndithu pa 5,880. Koma adzatha pepala ndi nthawi, ndipo mwina adzasocera pakati. Wodziwa matebulo athyola nambala yaikuluyo m'zigawo zimene angathe kuzinyamula. 24 ndiye 20 ndi 4; tsono aculukitsa ndi 4, naculukitsanso ndi 20, naphatikiza ziwirizo. Ana ambiri agwa pa cigawo caciwirico. Aona 2 wa mu 24, naiwala kuti 2 ameneyo aimira makumi awiri, nalemba 490 m'malo mwa 4,900. Cifukwa cace mphunzitsi aumirira kuti ziro alembedwe poyamba pa mzere waciwiri, asanayambe kuculukitsa.

Palinso cinthu cina cimene cipeputsa nchito. Woumba njerwa akayanika mizere 6 ya njerwa 8, ali ndi njerwa 48. Akazungulira kukaima mbali ina ya bwalo, aona mizere 8 ya njerwa 6, koma njerwa ziri zomwezo. Cotero 6 × 8 ndi 8 × 6 ndi cinthu cimodzi, ndipo wophunzira amene wazindikira ici wacepetsa matebulo oloweza pafupi-fupi ndi theka. Tebulo la 9, limene ana aliopa, liri ndi cizindikiro cace: mu 18, 27, 36, 45, kufikira 81, manambala awiriwo akaonkhetsedwa apanga 9. Wolemba 9 × 7 = 64 angathe kudzigwira yekha, pakuti 6 ndi 4 zipanga 10.

Madzulo a tsiku lija, agogo aamuna anaitana mdzukulu wao nati, "Iwe mwana, wacita bwino. Koma ndikadziwa bwanji ine kuti yako ndiyo yoona, osati ya munthu uja? Nonse awiri mwalemba pa katoni imodzi."

Mtsikanayo anayankha, "Agogo, tibwerere njira yomweyo cam'mbuyo. Tigawe ndalamazo pa matumba 24. Zikakhala zoona, thumba liri lonse lilandira K245."

Anayamba ndi 5,880. 24 alowa mu 58 kawiri, ndiye 48, natsala 10. Anatsitsa 8, nipakhala 108. 24 alowamo kanai, ndiye 96, natsala 12. Anatsitsa ziro, nipakhala 120. 24 alowamo kasanu, osatsala kanthu. Pamwamba panaoneka 245. Pambuyo pace anayesa 4,880 ya wogula uja. 24 alowa mu 48 kawiri, osatsala kanthu. Anatsitsa 8, koma 24 sangalowe mu 8, cotero analemba ziro pamwamba. Anatsitsa ziro wotsiriza, nipakhala 80. 24 alowamo katatu, ndiye 72, natsala 8. Yankho linali 203, kutsala 8. Mkuluyo anagwira pakamwa poona kuti akadagulitsa cimanga cace pa K203 ali kuganiza kuti agulitsa pa K245.

Ziro amene mtsikanayo analemba pakati pa 2 ndi 3 ayenera kuyang'anitsitsidwa, pakuti ndiye dzenje limene ligwetsa ana ocuruka pa mayeso. Poona kuti 24 salowa mu 8, iwo athamangira kutsitsa nambala yotsatira osalemba kanthu, ndipo yankho lao likhala 23. Lamulo ndi lakuti nambala iri yonse yotsitsidwa iyenera kubala nambala imodzi pamwamba, ingakhale ziro. Ndipo wokaika ayese ndi kuculukitsa: 23 × 24 ndi 552 cabe, kutali-tali ndi 4,880.

Umu ndi mmene nchito ziwirizi zikhalira: kugawa kumasula cimene kuculukitsa kwamanga. Wodziwa kuti 7 × 8 = 56 adziwa kale kuti 56 ÷ 8 = 7 ndi kuti 56 ÷ 7 = 8, ngakhale sanaziloweze pazokha. Zizindikiro zace zokha ndizo zinabadwa kosiyana. Ca kuculukitsa, ×, cinaoneka m'buku la William Oughtred wa ku England m'caka ca 1631, ndipo ca kugawa, ÷, m'buku la Johann Rahn wa ku Switzerland m'caka ca 1659. Koma anthu anali kugawana nyama ndi kuwerenga mikanda zaka zosawerengeka zizindikirozo zisanalembedwe, monga anacitira agogo aakazi ndi timiyala tao.

Mkuluyo anakhala cete kanthawi, kenaka anayamba kukumbuka za sukulu ya ubwana wace. Anasimba kuti masiku amenewo ndalama za dziko lino zinali mapaundi, masheleni ndi makobiri. Makobiri 12 anali kupanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 anali kupanga paundi imodzi, ndiye kuti m'paundi munali makobiri 240. Tiki inali makobiri 3. Kobiri lenilenilo linali ndi ciboo pakati. Mwana wa nthawi imeneyo akafuna kupeza mtengo wa zinthu 7 za makobiri 9, anali kuyamba wapeza 63, nagawa ndi 12, napeza masheleni 5 ndi makobiri 3. Samu imodzi inali kufuna kuculukitsa ndi kugawa pamodzi, ndipo tebulo la 12 linali lofunika pa sitolo tsiku ndi tsiku. Pa 16 January 1968 Zambia inayamba Kwacha ndi Ngwee: paundi imodzi inasinthidwa ndi K2, sheleni inakhala 10 ngwee, ndipo 100 ngwee zinapanga Kwacha imodzi. Kuyambira pamenepo ndalama zinayamba kuyenda m'makumi monga manambala ena onse. Pa 1 January 2013 dziko lonse linacitanso samu yogawa tsiku limodzi, pamene K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano.

M'mawa mwace anakhala pansi kupangana za feteleza. Munda wa mkuluyo unali malima 3. Lima ndi munda wa mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi, ndipo malima 4 apanga hekitala imodzi. Iye anafuna matumba 2 pa lima iri yonse, limodzi la feteleza wa pansi ndi lina la wa pamwamba. Onse pamodzi matumba 6. Ku sitolo thumba linali K850. Mtsikana anagawa 5,880 ndi 850, napeza 6, kutsala 780. Ndalama zinakwana ndithu, ndipo K780 inatsala ya sopo, mcere ndi makope a ana. Akadalandira K4,880 ija, akadagula matumba 5 okha, ndipo lima imodzi ikadasowa feteleza wa pamwamba. Cimanga cotere cimacita cikasu cisanamasule ngayaye, ndipo cibereka tizitsononkho tating'ono.

Pa samu imeneyi paoneka cinthu cimene matebulo saphunzitsa, ndico cocita naco cotsala. Pa feteleza cotsala cibwerera m'thumba la mwini wace, cifukwa wa sitolo sagulitsa thumba la K850 pa K780. Yankho likhala 6. Koma si nthawi zonse ai. Caka ndi caka, kumapeto kwa August, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika, kufupi ndi Katete, pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Tsono anthu 130 a mudzi umodzi akafuna kupita kumeneko pa basi yonyamula anthu 30, samu ipereka 4, kutsala 10. Wophunzira woyankha kuti basi ipite maulendo 4 wasiya anthu 10 pa mseu ndi akatundu ao. Maulendo ayenera kukhala 5, ngakhale wotsirizawo upite ndi mipando yopanda anthu. Ndipo anyamata 4 akalandira K50 ya ganyu, samu ipereka 12, kutsala 2. Koma K2 imeneyo ithyoledwa kukhala 200 ngwee, nigawidwanso, ndipo ali yense alandira K12.50. Cotsala ca ndalama cigawika, cotsala ca anthu cifuna ulendo wina, ndipo wophunzira ayenera kuwerenga funso kawiri kuti adziwe cimene ciri m'manja mwace.

Masiku ano ogula ambiri awerenga pa foni, ndipo foni siiwala kusunga 1. Koma cala cikaphonya nicigunda 205 m'malo mwa 245, foniyo iculukitsa 205 mokhulupirika, nipereka 4,920 mosacita manyazi. Cimene cinapulumutsa matumba a mkulu uja cinali samu yoyerekeza ija, ya K250 ndi magulu 6, imene mtsikana anaicita m'mutu ali ciimire pa khomo la nkhokwe.

ZOCITA

Yankho liri lonse la kuculukitsa liyesedwe ndi kugawa, ndipo la kugawa liyesedwe ndi kuculukitsa.

1. Thireyi imodzi ilowa mazira 30. Mai wina anapita ku msika wa ku Chipata ndi mathireyi 17. Ananyamula mazira angati?

2. Mlimi watonola cimanga ca makilogalamu 1,350. Afuna matumba angati a makilogalamu 50? Akagulitsa onse pa K245, alandira ndalama zingati?

3. Ngolo ya ng'ombe inyamula njerwa 150 pa ulendo umodzi. Pa uvuni pali njerwa 2,000 zomangira sukulu. Ngoloyo iyenda maulendo angati, ndipo pa ulendo wotsiriza inyamula njerwa zingati?

4. Mnyamata wina analemba kuti 824 ÷ 8 = 13. Analakwa pati? Akadadzigwira bwanji yekha asanapereke kope kwa mphunzitsi?

5. Lima imodzi iri ndi masikweya mita angati? Nanga hekitala?

6. Mu mapaundi 3 ndi masheleni 7 munali makobiri angati? Ndalama zimenezi zinakhala zingati mu Kwacha ndi Ngwee m'caka ca 1968?

7. Munthu anali ndi K3,500,000 ku banki pa 31 December 2012. Tsiku lotsatira buku lace linaonetsa ndalama zingati?

8. Agogo aakazi anawerenga masabata 52 pa caka. Masiku 365 akagawidwa ndi 7 patsala ciani? Mwana wobadwa Lacitatu, tsiku lace lobadwa lidzagwa pa tsiku liti caka cotsatira, ngati pakatipo palibe 29 February?