Kuyesa laser yobiriwira popanda kuvulaza maso

Funso: Kodi munthu wokonda zamagetsi angayese bwanji dayodi ya laser yobiriwira mosadziika pangozi?

Yankho: Dayodi yotereyi, yomwe kuwala kwake ndi kwa mananomita pafupifupi 520, siilumikizidwa kubatire mwachindunji chifukwa ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Imafuna kachipangizo koletsa magetsi kupitirira mlingo, komanso chitsulo chomwaza kutentha. Magetsi amawonjezeredwa pang'onopang'ono mpaka kadontho ka kuwala kataoneka pakhoma losanyezimira.

Laser yoposa mamiliwati 5 ingawononge diso munthu asanaphethire n'komwe, choncho magalasi oteteza ku kuwala kobiriwira avalidwe isanayatsidwe. Magalasi adzuwa sathandiza. Malaser ena otchipa a mananomita 532 amatulutsanso kuwala kwa infrared, komwe sikuoneka koma kumavulaza. Kuwala kwa laser kusalozedwe pa munthu, galimoto kapena ndege.