Dziwe la Nsomba la Agogo

Werengani nkhani iyi.

Mnyamata wina wa ku Sinda anali kukhala ndi agogo ake aamuna. Agogowo anali ndi dziwe la nsomba pafupi ndi dimba lao. Nchito ya mnyamatayo inali kupatsa nsomba gaga wosakaniza ndi soya.

Iye anafuna kuti nsomba zinenepe msanga. Motero anayamba kuthira mbale zitatu m'malo mwa imodzi. Agogo sanawauze.

Unali mwezi wa Okutobala. Kunja kunatentha kwambiri ndipo madzi a m'dziwe anacepa. Tsiku lina m'mawa, mnyamatayo anapeza nsomba zili yasayasa pamwamba pa madzi. Ziwiri zinali zitafa.

"Agogo, bwerani! Nsomba zikufa!" iye anakuwa.

Agogo anatola nsomba imodzi. Anatsegula kacivundikiro ka m'mbali mwa mutu wake.

"Ona apa, mdzukulu wanga. Awa ndi makha. Nsomba imapumira pamenepa. Zoipa za m'thupi imatayiranso pomwepa."

"Kodi nsomba ilibe cimbudzi, agogo?"

Agogo anaseka pang'ono. "Cimbudzi cake ndi madzi omwewa."

Agogo ananena zoona. Soya ndi cakudya comanga thupi. Thupi likacigwiritsa nchito, pamatsala coipa cina cochedwa amoniya. Amoniya ndi uja amanunkha m'khola la mbuzi mpaka kuwawa m'mphuno. Akaculuka m'thupi, amakhala poizoni.

M'thupi la munthu, ciwindi cimasandutsa amoniya kukhala yureya. Yureyayo imatuluka ndi mkodzo. Nsomba zambiri sizicita tero. Magazi amatengera amoniya ku makha, ndipo iye amatuluka n'kulowa m'madzi. Izi zimacitika usana ndi usiku. Nsomba ikadya kwambiri, imatulutsanso amoniya wambiri.

Mumtsinje wa Kapoche, madzi akamayenda, zoipazo zimapita nawo. Koma madzi a m'dziwe sapita kulikonse. Ndere za m'madzi zimayamwa amoniya wina, koma sizingamuthe yense. Cakudya cotsala naco cimawolera pansi. Cimaonjezera amoniya ndi kumaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Madzi akatentha, amoniya amapweteka koposa ndipo amaononga makha.

Mnyamatayo anazyolika. "Agogo, ndine ndinali kuthira mbale zitatu."

Agogo anakhala cete kwa kanthawi. Nsombazo ndi zimene anafuna kukagulitsa ku msika wa ku Katete kuti agule yunifomu ya mdzukulu wao.

"Wacita bwino kunena," iwo anatero. "Lero ndi mawa sitizipatsa cakudya. Thamanga ukatenge ndowa."

Anatunga madzi ena a m'dziwe ndi kuthirira repu ndi tomato. Ndiwo zamasamba zimakondwa ndi madzi otere, cifukwa ali ngati feteleza. Kenaka anathira m'dziwe madzi atsopano a pacitsime. Anagwira nchitoyo mpaka dzuwa litapendeka.

M'mawa mwake anapezanso nsomba imodzi yakufa. Koma zina zonse zinali kusambira pansi pa madzi.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi makha a nsomba amagwira nchito ziwiri ziti?
2. N'cifukwa ciani amoniya amaculuka m'dziwe koposa mumtsinje?
3. Kodi agogo anacita nawo ciani madzi amene anatunga m'dziwe?

Jambulani nsomba ndi kulemba mau akuti "makha" pamalo pake.