KHUNYU NDI KUIWALAIWALA KWA MWANA

Amayi, khunyu ndi matenda a mu ubongo. Sadza chifukwa cha ufiti kapena mizimu, ndipo sapatsirana ngakhale mutakhudza malovu a wodwala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo 7 mwa odwala 10 alionse angathe kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera.

Khunyu losagwetsa pansi

Ambiri amadziwa khunyu logwetsa munthu pansi ndi kumuphuphitsa. Koma liliponso khunyu lina loyambira mbali ya ubongo imene ili pafupi ndi khutu. Mwana wotere amangoti duu, maso ali tong'o, osayankha mukamuitana. Amatafuna m'kamwa mopanda kanthu, kapena kutolatola malaya ake. Asanayambe kutero angathamangire kwa inu ndi mantha, kapena kudandaula za m'mimba. Zimenezi zimatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo pambuyo pake amasokonezeka kapena kugona. Musamukalipire, si mwano ayi.

Nkhokwe ya m'mutu

M'kati mwa mbali imeneyi muli kachigawo kakang'ono kamene madokotala amakatcha hippocampus. Tilipo tiwiri, kumanzere ndi kumanja. Ntchito yake ndi kulandira zatsopano zimene munthu waona ndi kumva, kuti zisungike. Kwa anthu ambiri, kakumanzere kamasunga mawu ndi maina, kakumanja kamasunga nkhope ndi njira.

Kufunika kwa kachigawoka kunadziwika bwino mu 1953 ku America. Madokotala anachotsa mbali zimenezi, kumanzere ndi kumanja komwe, mu ubongo wa Henry Molaison pofuna kuchiza khunyu lake. Kugwa kunachepa, koma kuyambira pamenepo mpaka imfa yake mu 2008 sanathenso kusunga zatsopano. Munthu amene wacheza naye m'mawa, masana anali mlendo.

Kukomoka kukatenga nthawi yaitali, kachigawoka kangavulale, kufota ndi kuuma ngati chipsera. Chipseracho chingayambitsenso kukomoka kwina patapita miyezi kapena zaka. Nchifukwa chake mwana wa khunyu lotere amaiwala zimene mwamutuma, amachedwa kugwira mawu atsopano, ndipo kusukulu amatsalira ngakhale ali wanzeru.

Chimene chimavulaza ubongo wa mwana

1. Malungo a mu ubongo. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anafalitsidwa mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 ochira malungo oterewa anadzayamba khunyu.
2. Matenda oumitsa khosi.
3. Kubanika pobadwa.
4. Kuvulala m'mutu.
5. Kukomoka kwa nthawi yaitali thupi litatentha.

Musataye mtima. Ana ambiri a miyezi 6 mpaka zaka 5 amene akomoka kwa kanthawi kochepa chifukwa cha kutentha thupi amakula bwinobwino. Choopsa ndi kukomoka kosaleka msanga kapena kobwerezabwereza.

Mwana akakomoka

Muchotseni pafupi ndi moto, madzi kapena mpeni. Mugonekeni chammbali, ndipo ikani kansalu pansi pa mutu wake. Musaike supuni, chala kapena kamtengo m'kamwa mwake. Musamumwetse madzi kapena mankhwala azitsamba ali chikomokere, pakuti angatsamwe. Kukomoka kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza mwana asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala ngakhale ndi usiku. Mwana aliyense amene wakomoka thupi litatentha ayezedwe malungo tsiku lomwelo.

Mankhwala

Kuchipatala amapereka mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate. Ayenera kumwedwa tsiku ndi tsiku pa nthawi yake, ngakhale mwana akuoneka kuti wachira. Kuleka mwadzidzidzi kungadzutse kukomoka koopsa. Mukaona kuti mankhwala akumugonetsa kwambiri kapena akumusowetsa mtendere, kauzeni adokotala kuti aonenso muyeso wake. Katengeni ena akale asanathe.

Kuthandiza mwana woiwalaiwala

Mutumeni chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo abwereze zimene mwanena. Zinthu zake zikhale pa malo amodzi masiku onse. Muimbireni, mufotokozereni nthano, ndipo agone mokwanira, pakuti kusowa tulo kumadzutsa khunyu. Akafika msinkhu wa sukulu apite ndithu, ndipo aphunzitsi ake adziwe za matenda ake. Musamusiye yekha pamoto, pachitsime kapena kumtsinje.

Kumbukirani

Chirani kuchipatala. Mwana agone m'neti usiku uliwonse ndipo alandire katemera yense. Lembani tsiku limene wakomoka ndi kutalika kwa nthawi yake, ndipo pobwera kusikelo muonetse anamwino pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Mwana wolandira chithandizo msanga amasunga nzeru zake.