Dziwani Zomera za pa Damu Lanu la Nsomba

Ku Misuku m'boma la Chitipa madzi otsika m'mapiri a Mugesse ndi Wilindi sasowa, ndipo alimi ena a khofi ndi nthochi akumba madamu a nsomba pafupi ndi nyumba. Koma si chomera chilichonse chimene chiyenera kukhala pa damu. Mlimi azidziwa zomera zitatu izi.

Choyamba ndi koko, amene kumpoto ambiri amati masimbi. Masamba ake ndi aakulu ndipo madzi sakhalapo, amangoterereka. Yang'anani polumikiza tsamba ndi phesi. Ngati phesi lalowa chapakati pa tsamba, ameneyo ndiye koko wopirira madzi ambiri. Ngati lagwira m'mphepete, pamene tsamba lagawanika, ameneyo ndi wa kumtunda ndipo m'matope amaola. Bzalani koko wa m'madzi mu ngalande yotulutsira madzi a m'damu, potalikirana masentimita 60. Madzi amenewa ali ndi chonde cha manyowa. Musabzale pa khoma la damu chifukwa pokumba mudzaligumula. Masamba ake afote kaye, kenaka muwadule ndi kupatsa chilunguni, nsomba imene imadyanso kholowa ndi chisoso.

Chachiwiri ndi mthuthu, ena amati ombwe. Ndi chitsamba cha masamba aubweya, maluwa oyera kapena ofiirira ndi zitheba zaubweya. Mthuthu umabwezeretsa chonde m'munda, koma uli ndi poizoni wopha nsomba, ndipo kale anthu ankausinja pophera nsomba m'mitsinje. Ukhale kutali ndi damu, ndiponso musatsukire mu ngalande chiwiya chimene mwanyikamo masamba ake. Mukhoza kutaya nsomba zonse tsiku limodzi.

Chachitatu ndi namasupuni. Amayandama, mapesi ake ndi otupa ndipo maluwa ake ndi okongola, n'chifukwa chake ena amamutenga ngati duwa. Anachokera ku South America ndipo wasautsa kwambiri mu mtsinje wa Shire. Pamalo pofunda amachuluka kawiri pa masabata awiri okha, n'kuphimba madzi, nsomba n'kusowa mpweya. Mukamuona muvuuleni, aume, mumutenthe. Musamutaye mu mtsinje.

Pa khoma la damu bzalani kapinga kapena vetiva kuti dothi ligwirane. Chomera chimene simukuchidziwa kachionetseni kwa alangizi a za nsomba musanachiike m'madzi.