Switchi yatsopano pa njinga yamoto yakale: musadalire mtundu wa waya

Anzanga amene mumagula ndi kugulitsa njinga zamoto kuno ku London, lero tikambe za kachipangizo kakang'ono kamene kamadya phindu la anthu ambiri: switchi ya kiyi.

Njinga zakale zili ndi msika pano. Kuyambira pa 29 Ogasiti 2023 ULEZ inafika m'madera onse a London, ndipo njinga yosafika pa mlingo wa Euro 3 imalipira £12.50 tsiku lililonse ikayenda. Koma yopitirira zaka 40, ikalembetsedwa ku DVLA ngati yakalekale, silipira. N'chifukwa chake ma Triumph, BSA ndi Norton amene mumawaona ku Ace Cafe pa North Circular sakhalitsa akaikidwa pa malonda. Vuto lake, ambiri timawagula kiyi itasowa kapena switchi itatheratu, ndiye timaitanitsa yotchipa pa eBay.

Apa ndi pamene pali msampha. Njinga zambiri za ku Britain za mawaya a Lucas zimalumikiza pozitivu ya batire ku felemu. Triumph Bonneville inasintha izi cha mu 1979. Choncho pa njinga zimenezi waya wofiira ndi wa earth. Moto wochokera ku batire umayenda pa waya wa bulauni wa mzere wabuluu, ndipo woyera ndi umene umatenga moto kuchoka pa switchi kupita ku koyilo. Pa Honda n'zosiyana kwambiri: wofiira ndi wa moto, wakuda ndi wotuluka pa switchi, wobiriwira ndi wa earth. Switchi zambiri zotchipa zimabwera ndi mitundu yofanana ndi ya Honda. Ndiye munthu akangoti wofiira kwa wofiira, ndiye kuti walumikiza switchi ku felemu. Akapotokola kiyi, fyuzi imapsa. Ngati mwini wakale anaichotsa fyuziyo n'kumangapo waya, monga ena amachitira, amapsa ndi mawaya onse.

Ine ndimayamba ndi switchi ili patebulo, isanayandikire njinga. Ndimaika mita pamene imalira mawaya awiri akakhudzana, kenaka ndimayesa waya uliwonse ndi unzake kiyi ili pa OFF, ili pa ON, ndi pa malo a nyale ngati alipo. Zonse ndimalemba papepala. Ntchito ya mphindi khumi basi.

Chimene muyang'anitsitse ndi ichi: kodi pali mawaya awiri amene akulumikizana kiyi ili pa OFF? Ngati alipo, switchiyo inapangidwira njinga ya CDI kapena ya magneto, imene imazima waya wa sipaki ukagunda earth. Pa Honda nthawi zambiri ndi wakuda wa mzere woyera pamodzi ndi wobiriwira. Njinga ya batire ndi koyilo sizima choncho, imazima moto ukadulidwa. Mawaya awiriwo muwatseke bwinobwino, aliyense payekha, osawalumikiza paliponse. Inu mukufuna awiri amene amakhudzana pa ON okha: wina ku bulauni wa mzere wabuluu uja, wina ku woyera. Switchi yamba ilibe nazo ntchito zoti pozitivu ili mbali iti, imangotsegula ndi kutseka njira.

Pa njingayo, chotsani kaye batire, jambulani mawaya pafoni musanasolole chilichonse. Zaka 40 n'zambiri, manja ambiri adutsapo, ndipo waya woyera ukhoza kukhala kuti wina anausintha kale. Muyese ndi mita umenewonso.

Za fyuzi: yakale ya ku Britain yolembedwa 35 amp imatchula mphamvu imene imapsera. Yamakono yolowa m'malo mwake ndi ya 15 kapena 20. Mukaika ya 35 yamakono, waya ungapse fyuzi ili chete.

Mawaya a njinga musawadule, chonde. Pangani timawaya tifupitifupi tolumikizira pakati pa switchi ndi mawaya akale, ndi timitu tolowetsa tofanana ndi tomwe tilipo kale. Zopotana mawaya n'kukulunga tepi zisiyeni. Wogula njinga yotereyi amatsegula nyale yakutsogolo kapena kukweza mpando kuti aone mkati, ndipo akapeza tepi mtengo umatsika pomwepo. Switchi yakale yakufayo muisunge m'kapulasitiki, mumpatse wogula pamodzi ndi pepala lija, ndipo mumuuze kuti yomwe ilipo si ya Lucas.